Galimoto ikamalira "wiii" mukaponda moto: pezani gwero musanagule sipeya

Kulira kwa "wiii" komwe kumakwera mukaponda moto kumachokera malo ambiri. Ena ndi otchipa kukonza, monga lamba wotha kapena oyilo wochepa. Ena ndi odula kwambiri, monga giyabokosi. Khutu lokha limanamizika, chifukwa phokoso limayenda m'zitsulo, moti la kumbuyo limatha kumveka pansi pa mpando wa dalaivala. Choncho musanagwire sipanala, yankhani kaye funso limodzi: kodi kulirako kukutsatira marevu a injini (liwiro lomwe injini ikuzungulira), kapena liwiro la mawilo?

Kuyesa galimoto ili chiimire, kenako pamsewu

Imikani galimoto pamalo opanda phokoso, kokani handibuleki, giya ikhale pa N kapena pa P. Zimitsani wailesi, fani ndi AC. Lizani injini, dikirani itenthe, kenako pondani moto pang'onopang'ono mpaka muvi wa marevu ufike pa 2,500 kapena 3,000, n'kusiya kuti utsike wokha. Bwerezani kangapo.

Ngati kulirako kukukwera ndi kutsika limodzi ndi muviwo, matayala, diff (bokosi la magiya logawira mphamvu ku mawilo) ndi ma bearing a mawilo alibe mlandu. Gwero lili pa injini, pa zitsulo zoyendetsedwa ndi lamba, kapena mbali ya giyabokosi yomwe imazungulira limodzi ndi injini. Ngati kuli zii, ndiye kuti phokosolo limadikira kulemedwa kapena liwiro, ndipo muyenera kulowa mumsewu.

Sankhani msewu wa tara wowongoka, wopanda magalimoto ambiri. Tengani mnzanu akhale kumbuyo, poti iye ndi amene angamve bwino ngati phokoso likuchokera kutsogolo kapena kumbuyo. Fikani pa liwiro lomwe kulirako kumamveka kwambiri, mwachitsanzo makilomita 60 pa ola, ndipo osasintha liwirolo tsitsani giya kuchoka pa 4 kupita pa 3. Pa galimoto ya otomatiki gwiritsani ntchito batani la O/D kapena giya ya S. Marevu akwera koma mawilo akuzungulira chimodzimodzi. Kulira kukakwera, kukutsatira injini. Kukakhala momwemo, kuli ku diff, ku mawilo, kapena mbali ya giyabokosi yotulukira ku mawilo.

Kenako siyani moto galimoto iziyenda yokha, mumve ngati kulirako kwatha pomwepo kapena kukupitirira. Pomaliza khotetsani chiwongolero pang'ono kumanzere ndi kumanja, mumve ngati kukusintha. Galimoto ya otomatiki kapena ya CVT (otomatiki yoyendera lamba wa chitsulo m'malo mwa magiya) musaiike pa N ikuyenda.

Ngati phokoso limamveka wailesi ikakhala yoyatsa basi, ndipo likutulukira m'masipika, ndi la magetsi. Nthawi zambiri waya wa earth wa wailesi kapena wa amplifier sanamangidwe pa chitsulo chopalidwa bwino, kapena mawaya a nyimbo agona limodzi ndi waya wa moto. Komabe yesaninso alternator (chitsulo chotchaja batire) monga tifotokozere m'munsimu.

Lamba ndi zonse zomwe amazungulitsa

Apa ndi pamene milandu yambiri imathera. Tsegulani boneti injini itazima, muyang'ane lamba mbali ya mizere. Lamba wong'aluka, wonyezimira, wothothoka m'mbali kapena wonyowa ndi oyilo ndi wofunika kusintha. Malamba a masiku ano amatha osang'aluka n'komwe: mizere imangodyeka, lamba n'kumira mu pulley, n'kuyamba kuterereka. Pa injini zomwe lamba amakungidwa pamanja, dinikizani ndi chala chachikulu pakati pa mpata wautali kwambiri, ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 10. Alowe mamilimita pafupifupi 10. Akalowa kwambiri ndi wolefuka. Akakana kulowa ndi wokungika mopitirira, ndipo lamba wotero amadya ma bearing a alternator ndi a water pump.

Lizani injini ndipo wazani madzi pang'ono mbali ya mizere ya lamba. Phokoso likakula, lamba ndi wolefuka kapena tensioner (chitsulo chokunga lamba) yatopa. Likatha kwa masekondi ochepa n'kubwereranso, ma pulley sakuyang'anizana bwino kapena lambayo watha. Likapanda kusintha, lamba alibe vuto, funani bearing. Musapake sopo, girisi kapena brake fluid pa lamba. Phokoso limatha tsiku limenelo, koma mphira umafewa, fumbi limamatirira, ndipo lamba amaduka msanga.

Kuti mupeze bearing yomwe ikulira, tengani sikuludiraiva yaitali. Gunditsani nsonga yake pa thupi la alternator, chigwiriro chake muchitsamiritse pa fupa la pafupi ndi khutu. Bearing yabwino imamveka mosalala, yotha imakwecha. Chitani chimodzimodzi pa pampu ya power steering, pa compressor ya AC, ndi pa bawuti ya pakati pa idler pulley (pulley yongotsogolera lamba). Pindani manja a malaya, chotsani chilichonse cholendewera m'khosi, ndipo dziwani kuti fani ya magetsi imayamba yokha popanda chenjezo.

Mukakayikabe, chotsani lambayo. Jambulani kaye ndi foni momwe wadutsira m'ma pulley. Injini ikhale yozizira, ndipo muilize kwa nthawi yosapitirira mphindi imodzi, chifukwa pa injini zambiri water pump siizungulira lamba akachoka. Nyali ya batire iyaka, musadabwe nayo. Pondani moto kawiri kapena katatu. Kulira kukatha, gwero ndi chimodzi mwa zitsulo za pa lamba. Zimitsani injini, muzungulitse pulley iliyonse pamanja ndi kuigwedeza. Idler yabwino imazungulira mwakachetechete n'kuima msanga chifukwa girisi akuigwira. Yomwe imazungulira nthawi yaitali ikuchita "shaaa" ndi youma, ngakhale ikuoneka ngati yopepuka bwino. Ma idler ambiri a chitsulo amalola kusintha bearing yokha. Nambala yake, monga 6203, imalembedwa pa mphira wa m'mbali. Water pump yomwe ikugwedezeka, kapena yomwe ili ndi zipsera za madzi ouma pansi pa kabowo kake, isintheni yonse. Pa AC, ngati kulira kumasintha mukayatsa ndi kuzimitsa batani, vuto lili pa bearing ya pulley yake kapena mu compressor momwe.

Alternator imatha kulira ma bearing ali bwinobwino, ngati diode imodzi mkati mwake yapsa. Kulira kumeneku kumakula mukayatsa nyali zazikulu ndi fani. Ikani multimeter pa mitu ya batire. Injini itazima, batire labwino limaonetsa ma volt 12.4 mpaka 12.6. Injini ikulira, pa magalimoto ambiri muone 13.5 mpaka 14.5. Kenako tembenuzani multimeter ikhale poyezera ma volt a AC m'malo mwa DC. Ikaonetsa kupitirira 0.5, diode yapita. Ma multimeter ena otchipa amaonetsa nambala yaikulu, ya m'ma 28 kapena 30, pa batire lililonse ngakhale injini itazima, ndipo oterowo sangakuthandizeni pa mayeso awa. Chomwe simuyenera kulola ndi kuzula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Njira imeneyo inkagwira pa magalimoto akale, koma pa a kompyuta moto umakwera mwadzidzidzi n'kuotcha kompyuta ya injini.

Power steering imalira kwambiri mukakhotetsa chiwongolero galimoto itaima. Onani kaye ngati galimoto yanu ili nayo pampuyo. Honda Fit ndi Vitz zambiri zomwe zili pamsewu pano zili ndi chiwongolero cha magetsi, mulibe pampu kapena oyilo. Hilux, Hiace ndi Corolla zakale zili ndi pampu. Tsegulani kathanki kake injini ikulira. Oyilo wochita thovu akusonyeza kuti mpweya ukulowa, kawirikawiri pa paipi yochokera ku kathanki kupita ku pampu, kapena pa O-ring ya pakamwa pa pampuyo. Malo amenewa amayamwa mpweya osadontha ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake anthu amawadumpha n'kugula pampu yatsopano yomwe imaliranso. Pansi pa kathanki pamakhalanso kasefa komwe kamatsekeka ndi litsiro. Chotsani kathankiko mukatsuke. Thirani oyilo wolembedwa pa chivundikiro: Toyota zambiri zimafuna ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki) ya Dexron, pomwe Honda za pampu zili ndi oyilo wakewake. Kuchotsa mpweya, kwezani mawilo akutsogolo, injini itazima zungulitsani chiwongolero mbali zonse mpaka pomalizira maulendo 15 kapena 20, onjezerani oyilo, kenako lizani injini mubwereze. Musakanikize chiwongolero pomalizira kupitirira masekondi asanu.

Lamba atachoka koma kulira kukadalipo kutsogolo kwa injini, makamaka ngati timing belt (lamba wina wa mano woyendetsa ma valve) yasinthidwa posachedwa, ndiye kuti yakungika mopitirira kapena idler yake yatha. Izi musazengereze nazo, poti pa injini zambiri timing belt ikaduka ma valve amagundana ndi ma piston.

Mpweya, turbo ndi pampu ya mafuta

Kulira kwa likhweru kumakhala kwa mpweya wodutsa pa mng'alu. Masulani paipi yaikulu ya mphira yochokera ku air filter kupita ku injini, muipinde, muyang'ane m'makwinya ake. Mng'alu wa pamenepo umatsekeka galimoto ikaima, n'kutseguka injini ikapendekeka poponda moto, ndiye chifukwa chake phokoso limamveka pamsewu pokha. Onaninso ngati chivundikiro cha air filter chatsekeka mbali zonse.

Turbo yabwino imaimba kalikhweru kochepa, ndipo ameneyo si matenda. Likhweru likakula, mphamvu n'kuchepa, utsi wakuda n'kuchuluka, fufuzani mapaipi a intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) ndi zomangira zake. Podontha mpweya pamakhala ponyowa ndi oyilo wosakanikirana ndi fumbi. Koma kulira kwa sayirini ndi kwa turbo yeniyeniyo. Injini itazizira, chotsani paipi yolowetsa mpweya, mugwire shaft ndi zala. Kugwedezeka pang'ono cha m'mbali n'kololedwa bola mapiko asakhudze khoma. Kulowa ndi kutuluka sikuyenera kumveka. Mapiko odyeka m'mphepete akusonyeza kuti fumbi lakhala likudutsa pa air filter, zomwe zimachitika kwambiri m'misewu ya dothi m'chilimwe. Mukaika turbo ina, sinthani oyilo ndi mafyuluta, ndipo tsukani kapena sinthani kapaipi kobweretsa oyilo, apo ayi chomwe chinapha yoyambayo chiphanso yachiwiri.

Kulira kochokera pansi pa mpando wakumbuyo ndi kwa pampu ya petulo ya m'thanki. Imalira kasefa kake kakatsekeka kapena ikamayenda ndi thanki youma kawirikawiri, popeza petuloyo ndi amene amaiziziritsa.

Giyabokosi

Pa galimoto ya manual, kilachi ndiyo imakuuzani. Giya ili pa N, injini ikulira: phokoso lomwe limatha mukaponda kilachi mpaka pansi ndi la bearing ya input shaft, pomwe lomwe limayamba mukaponda kilachi ndi la release bearing. Kulira mu giya imodzi yokha ndi mano a giya imeneyo. Pa ma pick-up ndi maminibasi oyendera mawilo akumbuyo, giyabokosi yolira m'magiya onse kupatula 4 ili ndi ma bearing otha pa input shaft kapena pa countershaft, chifukwa mu giya 4 mphamvu imangodutsa molunjika. Yambani ndi oyilo. Afike pa mlomo wa bowo lothirira la m'mbali. Ambiri amafuna 75W-90, koma onani buku la galimoto ngati likunena GL-4 kapena GL-5.

Otomatiki wamba imalira oyilo akachepa kapena sefa ya mkati ikatsekeka, poti pampu yake imayamba kuyamwa mpweya. Imikani pamalo athyathyathya, injini itenthe ndipo izilira, dutsitsani giya m'malo onse mutaponda buleki, bwererani pa P, muwerenge dipstick pa mzere wa HOT. Honda zambiri zimayesedwa injini itangozimitsidwa kumene. Oyilo wabwino ndi wofiira. Wakuda, wonunkha kupserera, akusonyeza kuti ma clutch a mkati ayamba kupsa.

CVT ikufunika kuisamala mwapadera, chifukwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Nissan Note, Toyota Vitz, Ractis, Sienta ndi Honda Fit, amabwera nayo, ndipo nthawi zambiri amafika popanda mbiri ya oyilo wa giyabokosi. Mkati mwa CVT muli lamba wa chitsulo wopanikizidwa pakati pa ma pulley awiri ndi mphamvu ya oyilo. Kulira pang'ono ponyamuka ndi chibadwa chake. Chodetsa nkhawa ndi kulira komwe kwayamba posachedwa, komwe kumakula giyabokosi ikatentha, monga pokwera Chiweta kapena Khwekhwerere galimoto itadzaza, kapena kobwera limodzi ndi kunjenjemera ponyamuka ndi marevu okwera galimoto osathamanga. Oyilo akakalamba amapyapyala ndi kuchita thovu, pampu n'kumalira, lamba n'kumaterereka.

Oyilo wa CVT si ATF, ndipo wa kampani ina salowa m'malo mwa wa inzake mwachisawawa. Nissan imafuna NS-2 kapena NS-3, Toyota imafuna TC kapena FE, Honda imafuna HMMF kapena HCF-2, malinga ndi chaka ndi mtundu wa galimoto. Kuthira ATF wamba kumapha CVT m'kanthawi kochepa. Pokhetsa, yezani oyilo wotulukayo m'chigubu cha malita, poti amatuluka pafupifupi theka chabe, ndipo mubwezere wofanana naye. Masulani sump ya pansi, mutsuke maginito, musinthe kapena kutsuka sefa. Phala lotuwa losalala pa maginito ndi kutha kwa masiku onse. Tizidutswa tonyezimira tomwe timabaya chala tikusonyeza kuti lamba kapena bearing yayamba kuphwanyika, ndipo apo oyilo watsopano sangachize. Ma CVT ambiri alibe dipstick: mlingo umayesedwa pa bawuti yosefukirira, oyilo ali pa madigiri 35 mpaka 45, zomwe zimafuna makina a diagnosis owerenga kutenthako. Kwa galimoto yonyamula anthu tsiku ndi tsiku, kusintha oyiloyu pa makilomita 40,000 aliwonse n'kwanzeru kuposa kukhulupirira kuti ndi wosasintha.

Diff

Pa Hiace, Hilux, Land Cruiser ndi ena oyendera mawilo akumbuyo, kulira kochokera kumbuyo komwe kumabwera mukaponda moto n'kutha mukangosiya ndi kwa mano a crown wheel ndi pinion, magiya awiri olumana mkati mwa diff. Komwe kumabwera mukasiya moto nthawi zambiri ndi kwa ma bearing a pinion omwe alefuka. Pa magalimoto oyendera mawilo akutsogolo diff ili mkati mwa giyabokosi ndipo nthawi zambiri imagwiritsa ntchito oyilo yemweyo.

Masulani bawuti yothirira musanamasule yokhetsera. Mukayamba ndi yapansi, yapamwamba n'kukana, mutsala ndi diff youma. Pisani chala: oyilo akhale pa mlomo wa bowo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Izi zimachitika m'dzinja powoloka madzi diff ili yotentha: ikazizira mwadzidzidzi imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira ka pamwamba. Kabowoka kakatsekeka ndi matope, oyilo amakankhidwira kunja kudzera m'ma seal, choncho katsukeni nthawi yomweyo. Thirani GL-5, kawirikawiri 80W-90 kapena 85W-90, malita awiri kapena atatu pa ma pick-up ambiri. Diff ya LSD (yoletsa wilo limodzi kuterereka lokha) imafuna oyilo wolembedwa LSD.

Galimoto ili pamalo athyathyathya, mawilo atatsekerezedwa, gwirani prop shaft pafupi ndi diff, muikankhire m'mwamba ndi m'mbali. Flange ya pinion siyenera kugwedezeka. Funsaninso ngati seal ya pinion inasinthidwapo posachedwa. Nati ya pamenepo ndi yomwe imapanikiza ma bearing, ndipo ikamangidwa mongoyerekeza, yothina kwambiri kapena yolefuka, diff yomwe inali chete imayamba kulira patangopita masiku ochepa.

Mano akadyeka, oyilo wolemera amangochepetsa phokoso, sabwezeretsa chitsulo. Crown wheel ndi pinion zimasinthidwa limodzi, ndipo kuziyika kumafuna makaniko wokhala ndi dial gauge, wodziwa kuwerenga chidindo cha utoto pa mano. Pa ma diff ambiri a Toyota mpata wa pakati pa mano umakhala mamilimita 0.13 mpaka 0.18, womwe dzanja silingaupeze mongomva. Mukasankha kugula diff yogwirapo ntchito, werengani mano: 41 pa crown wheel ndi 10 pa pinion ndi 4.1, pomwe 43 ndi 10 ndi 4.3. Pa galimoto ya 4x4 diff yakumbuyo ifanane ndi yakutsogolo, apo ayi transfer case (bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) iwonongeka mukangolowetsa 4WD.

Ma bearing a mawilo ndi matayala

Awa amang'ung'udza motsatira liwiro, osasamala kuti mwaponda moto kapena ayi. Phokoso likakula pokhotera kumanzere, kawirikawiri bearing yotha ili kumanja, chifukwa kulemera kumapita kumeneko. Kwezani galimoto, muikhazike pa ma stand olimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze, kenako lizungulitseni dzanja lina litagwira sipuling'i. Bearing yokwecha imanjenjemeretsa sipuling'iyo ngakhale isanayambe kugwedezeka. Bearing yatsopano ilowe ndi press, osati hamala, ndipo nati ya axle imangidwe ndi torque wrench. Tayala lodyeka mabampumabampu limalira mofanana ndi bearing. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo, mumve ngati phokoso lasamuka nawo.

Lamba wolira pang'ono m'mawa kapena diff yomwe yakhala ikulira mofanana kwa nthawi yaitali ingakufikitseni ku galaja. Koma imani pomwepo ngati kulirako kwabwera limodzi ndi nyali ya oyilo, ngati muvi wa kutentha ukukwera, ngati nyali ya batire yayaka chiwongolero n'kuuma nthawi imodzi, ngati turbo ikulira utsi wa buluu ukutuluka, kapena ngati wilo limodzi latentha kuposa anzake ndipo likugwedezeka. Zikatero zimitsani injini, galimotoyo inyamulidwe. Ya otomatiki kapena ya CVT isakokedwe mtunda wautali mawilo oyendetsa ali pansi, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo wa giyabokosi nayo imaima.